Anandiyeza Tsitsi

Usiku wathawu, anzanga, ndinalota ndikusesa pabwalo. Nditafika pafupi ndi thandala la mbale, tsache linauma m'manja mwanga n'kutsokomola.

"Make Lonjezo, mwamva? Akukufunani ku ofesi. Akuti mwapitiriza nthawi yolira."

"Wakanena ndani?"

"Alamu anu a Esinala. Anakuonani mukulowa m'chipinda cha aphungu kuchipatala."

Pamenepo tsache silinaname. Chimwalirireni amuna anga chaka chatha tulo tinandithawa, chakudya sichinkalowa, ndiye anamwino ananditumiza kwa Mayi Chikadza, aphungu aja mumangokhala nawo n'kumalankhula. Ndinapitako katatu. Alamu, mlongo wawo wa malemuwo, atakanena kumvano kuti mutu wanga wasokonekera, ndinaleka. Mwezi wathunthu. Dzulo aphunguwo anatumiza uthenga woti mpando wanga ulipobe lero Lachinayi, ndipo ndinagona ndisanadziwe ngati ndipita.

Ndiye mwadzidzidzi bwalo lonse linapindika ngati mphasa, ine ndili m'kati, n'kukanditula pamzere wa anthu. Aliyense anasenza ndowa yodzaza. Mayi wina wosamudziwa anandikonzera nkhata, ndipo m'pamene ndinazindikira kuti nanenso ndasenza. Mulungu amudalitse mayi ameneyo, ngakhale ndi wa m'maloto.

Kutsogolo kunali kalaliki wa tayi yofiira. Ndikumuyang'ana, tayi ija inamera pakhosi, munthu n'kusanduka nkhukundembo.

"Vulani duku!"

Ndinavula. Anatulutsa tepi ya telala n'kuyamba kundiyeza tsitsi.

"Munametedwa liti?"

"Sabata ya maliro yomweyo."

"Onani, lafika poluka! Tsitsi likafika poluka ndiye kuti chisoni chatha. Mukulira mozemba, mayi."

Lumo limene linali patebulo linadzutsa mutu. "Bwana, ine ndinameta pamwamba pokha. M'katimo sindinafikemo."

"Chete iwe! Wakufunsa ndani?"

Ndiye chitseko chinandimeza, n'kupezeka ndili kwa bwana wamkulu. Ameneyo anali kale bilimankhwe, diso lina kwa ine, lina kumzere. Ataona kuti ndine wa mvano anayera mbuu ngati bulauzi yathu.

"Mumapemphera, mayi?"

"M'mawa ndi madzulo."

"Nanga kwa aphungu mumakatani? Mulungu wakucheperani?"

Ine pakamwa panga mumapadziwa, mpolemera. Koma m'malotomo lilime linamasuka. "Dzino litandiwawa ndinapemphera, ndinapitanso kokazula. Bwanji simunandiitane nthawi imeneyo?"

Bilimankhwe anada bii. Anaitana chidindo, chinabwera chikudumpha ngati chule, inki ikudontha.

"Nkhani ndi yaifupi," anatero bilimankhwe. "Nenani kuti ndili bwino, tikudindeni pachipumi, muzipita. Onse aja anena."

Ndinacheuka. Zoonadi, aliyense pamzere anali ndi chidindo pachipumi, akumwetulira, madzi a m'ndowa akutsikira m'makutu.

"Sindinena."

"Mawu awiri okha!"

"Ndawanena chaka chathunthu. Pachitsime, kutchalitchi, kumsika. Akwana."

Mwadzidzidzi kunamveka kugogoda, ndipo mpando wapulasitiki wa m'chipinda cha aphungu unalowa ukuyenda ngati mbuzi, mwendo umodzi womangidwa ndi waya monga ulili. Unaima kumbuyo kwanga n'kulankhula ndi mawu a Mayi Chikadza.

"Khalani pansi, make Lonjezo. Sitikuthamangira kulikonse. Tulani ndowayo, tione muli chiyani."

"Muno satula!" anakuwa nkhukundembo pakhomo.

Ndinatula. Ndinakhala. M'ndowamo munali makapu awiri a tiyi akuyandama.

"Sindili bwino," ndinatero, mokweza kuti ndi akumzere omwe amve. "M'mawa uliwonse ndimatsukabe makapu awiri. Ndikamva belu la njinga pamsewu ndimaimirira. Tsitsi lamera, inde. Likafuna lifike m'chiuno."

Denga silinagwe. Chidindo chinangodzikanda n'kukabisala pansi pa tebulo.

Ndiye ndowa ina kumzere inayamba kulankhula, mawu ake ngati a mwana wa chimfine. "Nanenso nditsitseni, ndatopa! Mayi awa usiku amaimbabe nambala ya achimwene awo. Amamvetsera mpaka foni idule yokha."

Pansi pa ndowayo panali alamu a Esinala. Chidindo chawo chinali chachikulu kuposa cha wina aliyense, chodindidwa kawiri, khosi litalowa m'mapewa. Ndinafuna kukondwa, ndisaname. Koma ndinakumbukira kuti tsiku lometa lija iwowa ndi amene anandigwira mutu n'kundipukuta ndi chitenje chawo. Ine ndinataya mwamuna, iwo mlongo. Palibe anawafunsa.

Ndinasendera kumbali. "Mlamu, bwerani. Tikwanapo."

"Mpando ndi wa munthu mmodzi!" anakuwa bilimankhwe, mitundu yonse ikumuthamanga pathupi.

"Ndiye udindeni mpandowo," ndinatero.

Mpando unaseka mpaka waya uja anamasuka, ofesi yonse n'kuyamba kupendekeka, matebulo akutsetsereka, mapepala akukhwekhwereza pansi kuti shwa, shwa, shwa...

Ndinatsegula maso. Kunja kunali kutayera, ndipo shwa, shwa uja anali akumvekabe. Tsache lenileni, pabwalo panga.

Ndinapemphera mwachidule n'kutuluka. Anali alamu a Esinala, amene sanaponde pakhomo panga mwezi wonsewu. Anali atasesa kale mpaka kuthandala, atawerama, osadzutsa mutu.

"Mwadzuka bwanji, mlamu?" anatero.

"Sindinadzuke bwino. Ndipo lero ndikupita kwa aphungu. Ndidzera njira ya kutchalitchi, dzuwa likuswa mtengo, wofuna kuona aone."

Tsache linaima. Anasisita chingwe cha tsachelo ndi chala. Kenaka anagwada pafumbi pomwepo, ndipo analankhula mokweza moti mayi wa nyumba yoyandikana nafe anasiya kutsuka mano.

"Tsiku lija ndinakuonani chifukwa nanenso ndinali pakhomo lomwelo. Ndinalephera kugogoda. Inu munalowa, ine ndinabwerera, ndiye ndinakakunenani. Ndikhululukireni, mlamu. Ndikhululukireni."