Mwala wa Nachifuwa

Pakhomo panga pali mwala wakuda umene alendo amakonda kupunthwapo. Akandifunsa chifukwa chake sindiutaya, ndimasintha nkhani n'kuyamba kudandaula za mvula. Lero ndingonena, poti ambiri amene akanandiseka anatsogola kale.

Zinali zaka zija matipate itangolowa. Ine ndinkagulitsa nsapato m'sitolo ina ku Limbe, ndipo mtima wanga unali pa mtsikana wa ku Chilomoni, dzina lake Esinati. Mwini wakeyo anali atalola kalekale. Vuto linali malume ake amene anamulera, a Namaona, dalaivala wa thanki yamafuta. Akwathu atapita kukafunsira, mkuluyo anangoti, "Timuone kaye mnyamatayo." Miyezi inkapita akundionabe. (Esinati anandinong'oneza kuti chimene malumewo sankachikonda ndi manja anga, akuti anali ofewa ngati a mwana wakhanda.)

Madalaivala a mathanki masiku amenewo anali anthu ena. Ankapita ku Beira kudzera ku Tete nkhondo itangotha kumene, n'kubwerako ndi mchere, nsomba zouma ndi nkhani zimene simukanazitsutsa poti inu simunaliko. Kathaulo paphewa, kuyenda kotang'adza, ndipo ukangoyandikira thanki yawo ndi ndudu pakamwa mbama inkafika moni asanafike.

Thanki ya a Namaona inali yakalekale, yamphuno yaitali, ndipo dera lonse linkaitchula kuti Nachifuwa chifukwa cha mmene inkatsokomolera utsi podzuka. Sitata inafa kale, eni kampani osagula ina. Mabuleki anali a mpweya, ndipo ikangogona mpweyawo unkatha. Ndiye mkuluyo ankaiimika pamtunda pafupi ndi nyumba, mphuno italoza kumunsi, ili m'giya, kutsogolo kwa tayala ataikako mwala. Ikafika nthawi yonyamuka, akazi awo ankamenya mwalawo ndi hamala, Nachifuwa n'kutsetsereka, kutsokomola, kudzuka. Zonsezi ndinazidziwa pambuyo pake. Tsiku limenelo kwa ine thanki inali thanki, mwala unali mwala basi.

Linali Lachisanu, mawa lake kuli chinkhoswe cha mkulu wake wa Esinati. Ndinapempha tchuthi kuti ndikaonetse khalidwe. Ndinawaza nkhuni, ndinatunga madzi, ndinanyamula mabenchi a kutchalitchi, nthawi yonseyo ndikuyang'ana ngati malume akundiona. Iwo anali gone m'nyumba.

Kuseri, amayi ochokera ku Phalombe ankafuna kutereka mgolo wa thobwa, koma mafuwa akuluakulu analipo awiri okha. Mayi aakulu a Esinati anandikodola.

"Akamwini, tatipezereniko mwala wina wamphamvu. Mgolowu ungatigwere."

Anditchula akamwini! Ndinatuluka ngati ndatumidwa ndi mngelo. Sindinavutike n'komwe, mwala ndinaupeza pamsewu pomwepo, wamakona anayi, wosalala, utangokhala pansi pa tayala la thanki popanda ntchito. Ndinaumenya ndi chidendene kangapo, unasuntha, ndinauika paphewa. Amayi aja anaomba m'manja. Akazi a a Namaona, amene akanauzindikira, anali atapita kumsika kukagula shuga.

Dzuwa litapendeka mkulu uja anatuluka, kathaulo paphewa, patapata kuphazi. Ankafuna kukasiya thanki kudepoti kuti alendo apeze malo.

"Iwe wansapato, tabwera kuno. Kwera."

Esinati, amene ankatsuka mbale, anatong'ola maso. M'galimoto imeneyo simunkakwera munthu wamba, ngakhale abusa anakanizidwapo. Ndinakwera, n'kukhala mwaulemu manja pamaondo. Munkanunkha dizilo ndi nsomba.

"Mwana wanga ukamudyetsa chiyani? Nsapato?"

Ndinayamba kufotokoza za tsogolo langa, koma iwo sankamvetsera. Anagwedeza giya n'kuichotsa monga ankachitira masiku onse, n'kunena kuti, "Dikira ndipope dizilo, azakhali ako akubwera ndi hamala." Anatsika, chitseko n'kutseka. Mwala sanauyang'ane. Munthu sayang'ana chinthu chimene wakhala akuchisiya pamalo amodzi zaka zonse.

Ndili chikhalire, ndinaona mtengo wa mango ukubwerera m'mbuyo pang'onopang'ono. Ndinadabwa nawo mtengowo. Kenako mpanda nawonso unayamba kubwerera.

"Ponda buleki!" Anali a Namaona, akuthamanga pambali, mimba ili patsogolo.

Ndinadumphira pampando wa dalaivala. "Iti, bambo? Zilipo zitatu!"

"Yapakati, chitsiru iwe!"

Ndinaponda. Inangolowa mpaka pansi ngati ndaponda papaya lakupsa. (Dziwani kuti chinthu chachikulu chimene ndinali nditayendetsapo chinali njinga ya msuweni wanga, nayonso ndinagwa nayo.)

"Gwira chiwongolero! Usasiye!"

Mawu awo ankamveka patali tsopano. Kumunsi kwa msewuwo kunali kamsika, ndipo pakona penipeni anyamata ankakazinga tchipisi, moto uli lawilawi pansi pa ziwaya. Thanki inalibe mafuta, koma a Namaona ankanena kawirikawiri kuti yopanda kanthu ndiye yoopsa kuposa yodzaza. Mantha anandigwira, sindibisa. Ndinatulutsa dzanja pawindo ndikukupiza kuti anthu athawe.

Koma paja inali nyengo ya kampeni. Aliyense wokweza dzanja ali m'galimoto ankatengedwa ngati wandale. Anthu anayamba kundibayibitsa. Amayi ena anasiya tomato wawo n'kuyandikira kumsewu, ana akuthamangira thanki akukuwa kuti, "Nsalu! Tiponyereni nsalu!" Mpaka mmodzi wa anyamata a tchipisi anaona a Namaona akubwera wapansi m'mbuyo, n'kukuwa, "Mulibe dalaivala umo!"

Ine ndinalimo, komabe sananame.

Anthu anabalalika. Kumanzere, kamsika kasanafike, kunali kanjira kotsikira kumadimba. Ndinakoka chiwongolero ndi manja onse, ndi mimba yomwe, ndikuitana amayi anga amene anali ku Thyolo. Nachifuwa anakhota monyinyirika, anagwetsa mpanda wa udzu, anadutsa pa mpiru wa eni ake, anathyola nzimbe, n'kukazika mphuno m'matope. Mutu wanga unagunda galasi. Kenako kunangoti zii, chule yekha akulira chapafupi.

A Namaona anafika ndi patapata mmodzi. Anayamba azungulira thanki yawo, kuisisita, kusuzumira pansi, ndipo atakhutira m'pamene anakumbuka kuti mulinso munthu. Khamu linali litadzaza dimba lonse.

"Anthuni, mnyamata uyu wakupulumutsani," anatero akupumira m'mwamba. "Manja ndi ofewa koma mtima ulipo. Iwe, Esinati ndi wako. Ndanena pamaso pa anthu onsewa."

Nthungululu zinamveka mpaka kuphiri. Ine misozi inalengeza, zoona. Wina anandipatsa tchipisi chaulere.

"Koma galu amene wandichotsera mwala wanga," anapitiriza, "ndikangomupeza, aona chimene sanachionepo."

"Mwala wanji, bambo?"

"Wa patayala. Wakuda, wamakona anayi. Ndinachoka nawo ku Zobwe."

Tchipisi chija chinakanira pakhosi. Pokwera mtunda anthu ankandigwira dzanja, ine ndikupemphera chamumtima kuti moto ukhale utausintha nkhope mwalawo. Kunyumba anandikhazika pampando wa khushoni, pafupi ndi malume, mwatsoka poyang'anizana ndi mgolo wa thobwa. Mkuluyo ankapukuta thukuta akufotokozera anthu za ukatswiri wanga. Kenako anasiya chiganizo pakati. Anaimirira, anapita pamoto, anawerama.

"Mwala uwu wafika bwanji pano?"

Mayi aakulu, amene sanatsike kudimba ndipo za mwala sanazimve, anayankha monyadira, chipande chili m'manja.

"Ndi akamwini athuwa! Tangowatuma kamodzi, abwera nawo paphewa. Achimwene, mwana uyu musamutaye, ndi wolimbikira."

Esinati anabisa nkhope m'chitenje, ndipo mapewa ake ankagwedezeka. Mpaka lero amati ankalira, ine sindikhulupirira.

"Mawu ndanena, sindibweza," anatero a Namaona. "Koma vula jekete."

Chinkhoswe ine sindinachione. Anthu akuvina kumtunda, ine ndinali kudimba ndi fosholo, ndikukumba matope pansi pa Nachifuwa, mpaka mnzawo wa a Namaona anabwera ndi thanki ina kudzamukoka. Loweruka lililonse lotsatira ndinkapita kukamanga mpanda ndi kuwokera mpiru wa eni dimba. Pofika tsiku la ukwati wathu manja anga anali okhakhala moti makasitomala ankadandaula ndikamawayesa nsapato.

Pa nthawi ya mphatso, amuna awiri analowa muholo atanyamula katoni yokutidwa bwino ndi pepala lonyezimira. Anthu anaganiza kuti ndi wailesi yaikulu. Titatsegula, munali mwala uja, mwaye wa thobwa udakalipo. A Namaona anatenga maikolofoni.

"Unaukonda, tenga. Ukadzafuna wina, uyambe wafunsa."

Nachifuwa anagulitsidwa kwa a zitsulo zakutha, a Namaona nawonso anatisiya, koma mwalawo ndasamuka nawo nyumba iliyonse. Ndinkayesa kuti unandiphunzitsa kumvera chisoni anyamata ofuna kudzionetsa. Mwezi wathawu kunabwera mnyamata amene akufuna mwana wanga wamkazi, waulemu ndithu, wa ntchito yabwino. Anapunthwa pakhomo, anaunyamula mwala uja osafunsa aliyense, n'kukauponya kudzala. Ndinakautola ndekha n'kuubwezera pamalo pake. Madzulo Esinati anandifunsa kuti akwawo akabwera tiwayankhe chiyani.

"Timuone kaye mnyamatayo," ndinatero.