A Greenwell, Opepesa Tizitsulo

Ku Nsungwi aliyense ankadziwa kuti a Greenwell, okonza mawotchi pakhonde la golosale ya pafupi ndi siteji, ankalankhula ndi tizitsulo ngati akulankhula ndi apongozi awo. Kasikuluwu kakakana kulowa, iwo ankavula chipewa n'kunena kuti, "Pepani bambo, talowani. Pakhomo panu ndi pomwepa." Ngakhale nsapato yowathina ankayamba ayipepesa asanaivale. Makondakitala ankasiya kuitanira n'kubwera kudzaonera zaulere.

"Madala, ingokhomani ndi hamala!"

"Iwe, pasinjala akakana kukwera umam'khoma ndi hamala?"

"Timam'kankha!"

"N'chifukwa chake minibasi zanu zimafera pa Kanengo."

Koma ilipo wotchi imodzi imene inawaondetsa akuluwa. Mwini wake anali mayi Eness, amasiye, ndipo wotchiyo anabwera nayo malemu amuna awo kuchokera ku migodi ya ku Joni kalekale. Maso a mayiwa anali atachita khungu, moti mivi sankaiona n'komwe. Ankangoiika pansi pa pilo. "Ikamalira ndimadziwa kuti m'nyumba sindili ndekha," anatero poipereka, itaima.

"Mawa lomweli ilira," analonjeza a Greenwell, mtima uli m'malo.

Anaimasula yonse, n'kutsuka tizitsulo take, n'kutiika m'sosala. Madzulo anapita nato kunyumba pamodzi ndi sosala ina ya wotchi ya mlonda wina wa ku Kanengo. M'mawa mwake, pobwezeretsa, kawilo kamodzi kanakana. Akaika kachitsulo kovindikira mawilo, kankagwedera ngati tebulo la mwendo waufupi. Anakatembenuza kawiloko, anayang'ana mano ake ndi galasi lawo la padiso, anaunika ngati kamtengo kake kapindika. Zonse zinali bwinobwino. Anamasulanso zonse n'kuyambiranso. Anapepesa, ananyengerera, anakatchula mpaka kuti "bwana". Kawilo kanangoti gwa!

Kamtengo ka wilo lotere n'kowonda ngati tsitsi. Kungokanikiza pang'ono kathyoka, ndipo kena kotero simungakapeze ngakhale mutagwedeza msika wonse wa Lilongwe. Kakanathyoka, akanawauza chiyani amasiye aja?

Mayi Eness ankafika m'mawa uliwonse, ndodo patsogolo, n'kukhala pabenchi.

"Yayamba kulira?"

"Ikupuma kaye, mayi."

Tsiku linzake: "Nanga lero?"

"Tikukambirana. Zikuoneka kuti timvana."

"Kambiranani msanga, bambo. Ine tulo ndinasiya. M'nyumba muja mwangoti zii, ndikumamva mtima wanga wokha."

A Greenwell mantha anawagwira zenizeni. Nthabwala zinatha, chakudya chinkabwerera kunyumba chosakhudza. Makondakitala anayamba kudutsa chonyang'ama. Wina anawaona atatenga kachipangizo kopanira n'kuika pamwamba pa kawilo kaja, ali pafupi kukanikiza. Munthu amene sanakankhepo ngakhale chitseko!

Nthawi yomweyo n'kuti akutulukira akazi awo, mayi Rozina, ndi kontena ya chakudya.

"Mudya lero kapena tiwapatsenso agalu? Munthu mpaka kuonda chifukwa cha tizitsulo! Ndipotu simunandithokoze."

"Pa chiyani?"

"Madzulo aja munabwera ndi masosala kunyumba, nkhuku inakwera patebulo, tiwilo tiwiri tinagwa. Ndinatola ndekha. Kamodzi ndinaika m'sosala iyi, kena m'sosala inayo. Ndinagawa mwachilungamo."

"Unadziwa bwanji kuti aka n'ka uku?"

"Aa, nanga si tofanana ngati mapasa?"

A Greenwell anatsegula pakamwa, anthu n'kuganiza kuti lero timva mawu amene sitinawamvepo. Koma anangoika kachipangizo kaja pansi, n'kuvula chipewa, n'kuweramira kawilo kaja. "Pepani kwambiri. Masiku onsewa ndimakukakamizani kulowa m'nyumba ya eni."

Anakatenga kena kaja m'sosala ya mlonda. Kanangotsetsereka n'kukhala kokha, osapepesedwa n'komwe. Atapukusa kamutu ka wotchi, inayamba: tiki, tiki, tiki. Mayi Eness anaigunditsa kukhutu, misozi ili chuchuchu, ndipo anangoti, "Abwera." A Greenwell tsiku limenelo anadya chakudya chawo ndi cha akazi awo chomwe.

A Greenwell anatisiya dzinja lathali. Kumanda, bokosi lawo litafika pakati pa dzenje, linakana kutsika. Anthu anayang'anizana, mitima ili m'mwamba, ena atayamba kale kunong'ona kuti malemu akwiya. Adzukulu okumba manda anati alikankhe.

"Musawakankhe!" anakuwa mayi Eness. "Atulutseni, muone chatsekereza."

Atalikweza anapeza muzu, n'kuudula. Potsitsanso, kondakitala wa hamala uja anavula kapusi yake. "Pepani madala, talowani. Pakhomo panu ndi pomwepa." Bokosi linatsika bwinobwino, ndipo sitinadziwe kuti tiseke kapena tilire. Tinachita zonse.

Lero pakhonde paja akugulitsapo machaja ndi makava a foni. Chinthu chikavuta amangochimenya pantchafu, chikapanda kumva n'kuchitaya. Podutsa pamenepo timafulumira, chifukwa palibenso choimira. Wotchi ya mayi Eness ikulirabe. M'mawa uliwonse amaipukusa mwaulemu, pang'onopang'ono, kenako amainong'oneza kuti, "Chonde bambo, musaime. Wokupepesani uja kulibenso."