A Ezara, Apongozi Awo ndi Galimoto ya Mipando Iwiri

A Ezara sankapatsa munthu moni asanamuyeze kulemera kwake. Mukakumana nawo pa msewu wopita ku Lobi, ankakuyang'anani kuchokera kumapazi mpaka kumutu, diso limodzi atatsinzina, kenaka n'kunena kuti, "Inu mwaonjezekera! Mbatata zakukondani chaka chino. Tabwerani mundikhalire pa boneti." Moni ankabwera pambuyo, mutakhala kale pa galimoto.

Galimotoyo inali yofiira, ya mipando iwiri, yopanda denga, yokwawa pansi ngati buluzi. Anabwera nayo kuchokera ku Joni kumene anagwira ntchito m'galaja zaka zambiri, ndipo m'mudzi inalowa itakwera pa lole chifukwa mimba yake inkakhula mwala uliwonse. Inali yakale kuposa mwana wawo woyamba, Yankho. Koma a Ezara ankati ku Joniko anaona ndi maso awo magalimoto otere akuthamangitsana pa bwalo lokhotakhota, ndipo anali atalumbira kuti yawoyi idzathamanganso, konkuno kumapiri.

"Yangofooka miyendo ndi kutentha thupi basi," ankauza akazi awo, a Filomena. "Mtima wake ngwa mnyamata."

Miyendoyo ankanena masipuling'i. Anachotsa akale n'kuika a pikiapu, galimoto n'kumadumpha ngati tonde. Anawafupikitsa ndi sowo, n'kuuma gwa ngati benchi ya m'tchalitchi. Apa m'pamene anthu a m'mudzi anayamba kugwira ntchito yopanda malipiro. Wopita kuchigayo, wochokera kudimba, mphunzitsi wothamangira kusukulu, onse ankakhazikidwa pakona ya galimoto, a Ezara atagwada pansi kuyang'ana mmene ikutitimirira.

"Dzukani! Khalaninso! Mwamphamvu, ngati mwakwiya! Ehe, mwamva mmene yakubwezerani?"

Vuto lachiwiri linali kutentha. Mwezi wa Juni, ife tonse tikunjenjemera ndi chisanu cha Dedza, galimoto ya a Ezara yokha inkachita thukuta. Ikangoyenda kukafika pamlatho, madzi a m'radiyeta ankawira n'kutulutsa nthunzi ngati akuphika mowa. Anaikamo radiyeta ya lole, yaikulu ngati chitseko, moti boneti inaleka kutsekeka. Sizinathandize. Kenaka mnzawo a Bonifasi, mwini chigayo, anawaonetsa mgolo wa madzi umene umaziziritsa injini ya chigayo, a Ezara n'kuomba m'manja. Mawa lake galimoto inali itabereka mgolo kumbuyo kwa mpando wa dalaivala, mapaipi akuzungulira m'mbali ngati matumbo. A Filomena sanadandaule. Kwa nthawi yoyamba chikwatiwireni, madzi osamba ankawapeza otentha kale.

Amene ankadandaula anali mayi a Filomena, a Magadalena. A Ezara anali mkamwini, ndipo galimoto inkagona pakamunda ka apongozi awo kuseri kwa nyumba, pomwe kale pankalola nyemba zabwino. Awiriwa sankayang'anana kumaso, monga mwa ulemu wake. Akakumana m'njira, a Ezara ankalowa m'chimanga. Mawu onse ankadutsa kwa a Filomena.

"Filomena, iwe," anatero a Magadalena tsiku lina mitambo itayamba kuda, "uwauze amuna ako kuti chitsulo chawo chandidyera munda mokwanira. Amati chimathamanga. Loweruka chithamange ndione. Chikawira monga chichitira masiku onse, chichoke mvula isanagwe, ndibzale nyemba zanga."

A Filomena anapereka uthengawo mtima ukuwawa, chifukwa ankadziwa kuti galimotoyo ikachoka, amuna awo atsala ngati nyumba yosasuka denga. Koma a Ezara anangolumpha ndi chimwemwe. Anakapempha bwalo la mpira, n'kujambula njira yokhotakhota ndi phulusa, m'makona n'kuikamo matayala akutha.

Poyesa m'pamene zinaoneka kuti mgolo uja wapendeketsa galimoto kumbali ya dalaivala. Pokhota, matayala akumanzere ankanyamuka. Pankafunika cholemera pa mpando winawo. Anayesa thumba la chimanga, koma thumba silidziwa kupendama pokhota. Anayesa a Filomena, koma anapepuka, komanso anangotsinzina n'kuyamba kupemphera korona. Anayesa a Bonifasi, galimoto n'kukhala pansi osadzukanso.

"Inu achimwene, chigayocho mumagayitsa anthu kapena mumadya nokha?"

"Musandinyoze, galimoto yanuyi ndi ya ana!"

Lachinayi masana a Ezara anali atagona kunsi kwa galimoto akumanga nati. A Magadalena, pochokera kudimba, sanaone miyendo imene inatulukira mbali inayo. Anatula dengu, n'kudzikhalira pa chitseko cha kumanzere kuti apumeko. A Filomena, ali pakhonde, anagwira pakamwa. Apongozi pamwamba, mkamwini pansi! A Ezara anangouma, sipanala ili m'manja, nyerere zikuwayenda m'khosi, osatsokomola n'komwe. Gogoyo anapuma, anafwenkha fodya wake, anaimbako kanyimbo, n'kunyamuka.

A Ezara anatuluka ali mbuu ndi fumbi, maso akuwala.

"Amake Yankho! Yawongoka! Inakhala mowongoka ngati tebulo! M'mudzi monse muno ndayeza aliyense, kupatula munthu mmodzi amene sindingamuyang'ane. Ndi amayi! Amayi ndiye muyeso wake!"

"Mwapenga kodi? Inu ndi amayi, mapewa kugundana?"

"Tipachika nsalu pakati."

A Filomena anazungulira nyumba ya mayi awo kangapo asanalowe. Kenaka analowa n'kufotokoza.

"Ndikwera," anatero gogoyo. "Ndikaima patali adzandinamiza kuti sichinawire."

Loweruka bwalo linadzaza ngati kuli mpira wa chikho. Anthu anachokera mpaka ku Mayani. Ogulitsa mandasi anabwera, a kabaza anaimika njinga zawo, ana anakwera m'mitengo. Pakati pa mipando iwiri ija a Filomena anapachika chitenje pa nsungwi. A Ezara anakwera atayang'ana kumanja, a Magadalena anakwera atayang'ana kumanzere, atamanga duku lawo la ku Misa. Injini inalira, nkhuku n'kubalalika.

Ulendo woyamba kuzungulira bwalo, a Ezara anayenda pang'onopang'ono ngati anyamula mazira. Podutsa pamene panaima a Filomena, mawu a gogo anamveka bwalo lonse.

"Filomena! Uwafunse amuna ako ngati tikupita kumaliro!"

A Filomena, amene mawu awo sankamveka ngakhale m'kwaya, anadikira galimoto ibwerenso, n'kukuwa, "Abambo a Yankho! Akuti pondani!"

A Ezara anaponda. Kalanga ine, fumbi lake! Galimoto inatuluka pakona ngati yaponyedwa ndi legeni, mgolo ukuchita phwava phwava, masipuling'i akugwira nthaka monga anawaphunzitsira anthu a m'mudzi monse.

"Amake Yankho! Muwauze amayi apendamire kumanzere!"

Koma uthenga unkafika galimoto itazungulira kale, moti gogoyo ankapendamira kumanzere pamene pankafunika kumanja. Tayala limodzi linanyamuka, anthu n'kukuwa, a Bonifasi n'kubisala kuseri kwa golo. Kenaka a Magadalena analeka kudikira uthenga. Thupi lawo linangoimva lokha galimotoyo. Ikakhota, iwo n'kupendama nayo, dzanja limodzi litagwira chitseko, lina likuzunguza duku m'mwamba, nthungululu ili pakamwa.

"Filomena! Uwauze aonjezere! Ali ndi mantha kodi?"

A Filomena anapezeka akudumpha, akukuwa, mawu atasasa, osadziwanso kuti uthenga uti ngwa ndani.

Ndiye anaiona nthunzi. Inayamba pang'ono pamphuno pa galimoto, kenaka mgolo wonse unafuka, chivundikiro chikuvina. A Ezara anaimika galimoto pakati pa bwalo. Madzi ankamveka kubwata mpaka kumitengo kunali ana kuja. A Ezara anatsamira chiwongolero, nkhope ili kumanja. A Filomena anayandikira akuganiza kale za mmene nyumba idzakhalire Lolemba.

"Amayi," anatero chapansipansi, "mwaona nokha. Yawira."

A Magadalena anatsika, anakonza chitenje chawo, anamanganso duku. Nthunzi inkawazungulira moti nkhope sinkaoneka bwino.

"Yawira kuti?"

"Nthunziyi, amayi."

"Iwe unabadwira kuti? Imeneyi ndi nkhungu ya kumapiri. Ndinali momwemo ine, sinawire." Anatembenukira kumbali, n'kukweza mawu kuti adutse chitenje chija. "Uwauze amuna ako kuti pakona ya kumunsi ija amachedwa kuponda. Loweruka likubwerali akonze."

Phokoso limene linabuka pamenepo, agalu anauwa mpaka kutsidya. Anyamata a kabaza anawanyamula m'mwamba a Ezara, iwo akulira ndi kuseka nthawi imodzi, koma nkhope akuibisabe kwa apongozi.

Anathamanga chotero zilimwe zingapo. Galimoto inkawira nthawi zonse, ndipo nthawi zonse a Magadalena ankati kunja kwachita nkhungu. Kenaka chaka china, nyengo yozizira, a Ezara anayamba chifuwa chimene sichinawasiye. Ngakhale pa mphasa, ankatsinzinira diso anthu obwera kudzawaona n'kunong'ona kuti, "Inu mwatsika. Mukudya koma?" Anapita chisanu chisanathe.

Masiku ano munthu umayenda msewu wonse wa ku Lobi popanda wokuimitsa. Unenepe, uwonde, palibe amene amazindikira. Loweruka masana pabwalo pamangomveka mpira ndi wezulo. A Filomena amawotcha madzi osamba pamoto ngati wina aliyense.

Anyamata ogula zitsulo zakutha anabwera ndi ngolo maliro atangotha, n'kuyamba kuzungulira galimoto ija, akugogoda apa ndi apo. Koma a Magadalena anatuluka ndi ndodo yawo, n'kukaima pakati pa anyamatawo ndi boneti.

"Bwererani. Pamalo pano anawina ndi mkamwini wanga, bwalo lonse likuona."

Nyemba amabzalabe pakamundako chaka ndi chaka. Mizere imayenda mowongoka kuchokera kumpanda, ikafika pa galimoto imakhota, n'kuilambalala, n'kupitirira.