Katoni ya Mabuku Obiriwira

Lolemba

Ndabwerako ku Chipata. Zitenje zochepa ulendo uno, koma ndili ndi katoni imodzi imene isinthe moyo wanga. Mabuku makumi atatu, onse obiriwira.

Ndi buku lija la aphunzitsi a Kamtedza, lofotokoza mbiri ya midzi ya kuno kwathu: Ludzi, Dambe, Mavwere, zithunzi zakale, nyimbo zakale, mayina a anthu oyamba kulima fodya. Linasindikizidwa kamodzi kokha ine ndisanabadwe, kenako linasowa. Anthu amangoti "buku lobiriwira". Amene ali nalo amalitsekera m'kabati yagalasi pamodzi ndi makapu a alendo, sabwereketsa ngakhale kwa m'bale wawo. Chaka chatha kunabwera mayi wina wochita kafukufuku, anazungulira boma lonse kufuna limodzi lokha, anabwerera chimanjamanja.

Ine ndapeza makumi atatu pansi pa tebulo la bambo wogulitsa mabatire ndi maambulera. "Ni orijino, amai. Yenze chabe mu sitolo ya kudala." Ndiye kuti anangokhala m'sitolo yakale. Munthu wake waulemu, wovala tayi. Theka la mpamba wa zitenje lapita pamenepo ndipo sindikudandaula.

Ofunika kuwaona mawa:
Mayi Nabanda, ahedi opuma
a Jere a ku ofesi ya zaulimi, osunga chilichonse chakale, ngakhale matikiti a basi
akatekisi a ku Ludzi
aliyense wovala magalasi

Bambo a Chikondi atenga limodzi, alinunkhiza. Akuti, "Buku lakale koma lonunkha chatsopano." Ndawauza kuti iwo amadziwa za fodya, za mabuku andisiyire ine. Akhala pakhonde, akuwerenga. Ine ndikusankha dzina la shopu imene nditsekule.

Lachiwiri

Atatu apita dzuwa lisanafike paliwombo!

Mayi Nabanda alikumbatira pachifuwa ngati mdzukulu. A Jere sanatsitse mtengo n'komwe. Akatekisi andidalitsa ine, katoni, ndi mnyamata... ayi, ndi njinga ya kabaza imene ndinakwera. Ndagula nyama ya mbuzi. Ndayenda pa boma ngati ndine mwini msewu.

Masana Mayi Nabanda atulukira kunyumba, buku lili m'manja, magalasi ali pamphuno.

"Mwanawe, chala ichi n'cha ndani?"

Tsamba 40, m'munsi chakumanja. Chala chachikulu cha munthu, chakuda bii, chikhadabo chake chothyoka. Si chojambula ayi. Ndi chala cha munthu amene ankapanikiza buku pa makina.

Ndawauza kuti mwina kale ankasindikiza choncho. Andiyang'ana mmene ankandiyang'anira mu Sitandade 6 ndikalephera masamu.

Atapita ndatsekula otsalawo limodzi limodzi. Zimene ndapeza:
chala chija chili m'buku lililonse, pamalo omwewo
tsamba 71 lili chadodolido
chithunzi cha tchalitchi chakale chikungooneka ngati mtambo wa mvula
ukapaka malovu pang'ono, zilembo zikutsalira pachala
kuseri kwa chikuto kuli mawu olemba pamanja: "Rozina, Loweruka undidikire pa mtengo wa mango." M'buku lililonse. Kalembedwe kofanana.

Bambo a Chikondi akuti, "Rozina ameneyu ankamufuna amuna makumi atatu." Aseka mpaka kutsokomola. Ine sindinaseke. Kenako ndaseka pang'ono. Nyama ya mbuzi yakoma ndithu.

Lachitatu

Alamu anga, mng'ono wawo wa bambo a Chikondi, amene ndi kalaliki kukhoti, abwera kudzabwereka sipuleya. Ndawaonetsa buku kuti andiyamikire. Atsekula, aona chala, atseka, akhala pansi.

"Alamu, mwagulitsa angati?"

Zimene ndaphunzira lero, tiyi wanga akuzizira:
buku lili ndi mwiniwake ngati mmene munda ulili ndi mwiniwake
kulipanga fotokope n'kumaligulitsa popanda chilolezo chake ndi mlandu
wogulitsa naye ali pamlandu, ngakhale makinawo sanawaonepo
kuwolotsa nawo malire kukuwonjezera
kuuza ogula kuti ndi lakale lenileni pamene si choncho ndi mlandu winanso wapadera
atha kulanda katundu yense, atha kulipiritsa chindapusa, atha kutsekera

Ndati sindinadziwe. Akuti Lolemba mwina sindinadziwe, koma kuyambira dzulo ndikudziwa, ndiye lililonse limene ndigulitse tsopano ndagulitsa maso ali gwa.

Ndati a Kamtedza anamwalira kalekale, akadandaula ndani? Akuti umwini wa buku sufera limodzi ndi munthu, umatsala kwa ana ake kwa zaka zambiri. Andifunsa ngati ndinali pamaliro pawo. Sindinali. Koma munthu wolemba buku lakale chonchi angakhale moyo bwanji?

Malangizo awo: ndisagulitsenso, nditolere atatu aja, ndiwabwezere eni ake zawo. Atenga sipuleya. Pofika pachipata abwereranso. "Ndingaone za Mavwere pang'ono? Amayi anachokera kumeneko." Akhala ola lathunthu pakhonde pafupi ndi achimwene awo, aliyense ndi lake. Munthu wa kukhoti!

Dzina la shopu ndalifufuta. Linali lokoma.

Lachinayi

Tsiku lotolera.

Akatekisi abweza mosavuta. Akuti anaona chala chija dzulo, anangoti ndi nkhani ya pakati pa ine ndi Mulungu.

Mayi Nabanda akana. Patsamba 55 apeza chithunzi cha bambo awo atanyamula ng'oma ya sukulu. Nkhope sikuoneka, ndi mdima wokhawokha, koma iwo akuti makutuwo ndi awo. Ndawafotokozera za khoti. Akuti, "Akandimange ine, ndakalamba kale." Ndagwada. Andiphikira mbatata. Pamapeto andipatsa buku atakopera tsamba lonselo m'kope mwawo, mawu ndi mawu, ine ndikudikira.

Pobwerera ndapeza anthu asanu pakhomo. Mbiri yamveka mpaka ku maesiteti. Bambo wina wachokera ku Dambe wapansi. Moyo wanga wonse sindinakhalepo ndi makasitomala ochuluka chonchi, ndipo onse ndawabweza.

Ndiye pachipata paima wapolisi.

Ndakokera katoni kuchipinda, ndathira mtedza wosasenda pamwamba, ndayalapo chitenje, ndakhalapo. Bambo a Chikondi akhalira lawo pampando. Wapolisi uja walowa, wavula chipewa, wapereka moni mwaulemu. Akufuna chitenje cha akazi ake, chofiirira, cha kuchinkhoswe. Ndamugulitsa ndili chikhalire. Akuti, "Mayi, mwendo?" Ndati nyamakazi.

La a Jere lokha latsala. Ndawaimbira. Akuti alibe. Analipereka dzulo ngati mphatso kwa aphunzitsi awo akale ku Mavwere, nkhalamba imene inataya lake zaka zambiri zapitazo.

Ndafunsa dzina la aphunzitsiwo.

"A Kamtedza. Simunadziwe?"

Ali moyo. A Jere akuti mawa ndikawaone.

Lachisanu

Ndavala chitenje cha kumpingo. Ndauza Chikondi kumene kuli makiyi, kuti mwina sindibwerako.

Nyumba ya njerwa, nkhunda padenga, mtedza utayanikidwa pabwalo. A Kamtedza ndi aafupi, oonda, maso akuvuta, koma mawu akadali a m'kalasi. Pambali pawo mayi wokalamba wovala duku loyera. Kumbuyo mwana wawo wamkazi, namwino, manja atapinda pachifuwa.

Ndagwada patali. Ndayamba kupepesa. Andidula.

"Werengani kuseri kwa chikutoko, maso anga sakuona."

Ndawerenga za Rozina ndi mtengo wa mango. Mayi a duku loyera aphimba nkhope ndi manja. Ndi iwowo a Rozina!

Nkhani yake ndi iyi. Buku litangotuluka, loyamba lenileni a Kamtedza analembamo mawu aja n'kulitumiza kwa mtsikana amene ankamufunsira. Anakwatirana. Patapita zaka, mlendo wina analibwereka kuti abweza Lolemba. Silinabwerenso. Lomwelo ndi limene linafika pa makina a munthu wa chikhadabo chothyoka.

A Rozina akuti, "Ndinadikira mpaka dzuwa kupendeka, iwo anabwera Lamulungu." A Kamtedza akuti njinga inaphulika. Akuti akhala akukangana za zimenezi chikwatirane. Taseka tonse, kupatula namwino.

Namwino walankhula, ndipo kuseka kwatha. Bambo ake anayenda panjinga zaka zinayi, mudzi ndi mudzi, kufunsa nkhalamba zimene pano zonse zinapita. Ana akhala akusonkha pang'onopang'ono kuti alisindikizenso bwinobwino, zithunzi zooneka, bambo adakali moyo. Msika ukadzaza ndi a chala awa, lenilenilo adzagula ndani? Iye akufuna nkhaniyi ipite kupolisi, ndipo dzina langa likhale poyamba.

Ndangoyang'ana nkhunda.

Kenako a Kamtedza akuti, "Ipite kupolisi, inde. Koma mayiwa apite okha ndi miyendo yawo, katundu ali pamutu, akanene kumene anamugula. Ine ndikakhala pambali pawo."

Namwino sanakondwe, koma wavomera. A Rozina andipatsa mtedza wodzaza duku langa. Limodzi lija la a Jere abisa pansi pa pilo, akuti limenelo ndi kalata yawo, wapolisi asalikhudze.

Loweruka

Mabuku makumi awiri ndi asanu ndi anayi pamutu, kudutsa pakati pa msika, tsiku la msika. La bambo a Chikondi ndachita kulanda m'manja. Akuti amaliza kale, amangobwereza.

Kupolisi tapeza yemwe uja wa chitenje chofiirira. Wayang'ana katoni, wayang'ana makoko a mtedza ali pamwamba, wandiyang'ana ine. "Nyamakazi yatha, mayi?" Ndati yachepako.

Ndapereka sitetimenti: tebulo la mabatire, maambulera, tayi. Andifunsa dzina la bamboyo. Sindikulidziwa. Risiti? Ndaseka ndekha. Wamkulu wawo wandiuza mosapsatira kuti akanandipeza ndikugulitsa pamsika, kapena mwini buku akanalimbikira, bwenzi lero ndikugona komweko kudikira khoti Lolemba. Mabuku atsala ngati umboni. Mwina adzandiitananso. Ndasaina pamene andilozera.

A Kamtedza, ali pabenchi ndi ndodo yawo, ayamba kuuza apolisi mmene malo amenewo analili kale, kuti panali dambo ndi mitengo ya masuku. Apolisi atatu asiya ntchito. Mayi wina amene anabwera kudzadandaula za mbuzi yake waiwala za mbuzi. Kenako ayimba nyimbo ina ya m'bukumo, yopondera matope a njerwa, ndipo wamkulu wa apolisi uja akuidziwa, agogo ake ankaiyimba. Wayimba nawo besi. Ine ndaombera m'manja, munthu woti ndangotsala pang'ono kulowa m'selo.

Potuluka namwino wandiyankhula koyamba mwachifatse. Akuti lenileni likadzatuluka adzafuna ogulitsa, okhala ndi kalata yachilolezo yosainidwa. Akuti adzaganiza za ine. Sanati inde. Anati adzaganiza.

Ndabwerera wopanda kanthu pamutu, khosi lopepuka. Ndagula nzimbe.

Lamulungu

Kutchalitchi aliyense akudziwa. Amayi a kwaya akundipatsa moni ndi chala chachikulu m'mwamba. Ndikuwabwezera. Nditani.

Pazolengeza, akatekisi anena kuti mwezi wamawa a Kamtedza adzabwera kudzakamba mbiri ya midzi yathu muholo, ndipo zopereka za tsikulo zidzathandiza kusindikiza buku. Anthu aombera m'manja. Agawa ntchito. Mayi Nabanda adzalandira alendo. A Jere adzakhala pakhomo. Ine andiika pa mipando, kunyamula ndi kubweza.

Mpamba wachepa. Shopu kulibe. Mawa ndiyala zitenje pamalo anga akale, pafupi ndi ogulitsa tomato.

Madzulo ano tikusenda mtedza wa a Rozina pakhonde, bambo a Chikondi angoti, "Koma agogo ako aamuna anali munthu, eti." Ndati agogo ati? Akuti a ku Dambe. Ali m'bukumo, masamba awiri athunthu, nkhani ya ng'ombe ndi wansembe.

Apa m'pamene ndazindikira. Sabata yonse mabuku makumi atatu ali m'nyumba mwanga. Ndawanyamula, ndawanunkhiza, ndawabisa, ndawakhalira. Sindinawerenge ngakhale tsamba limodzi.

Ndawapempha andiuze za ng'ombeyo. Akana. Akuti alibe chilolezo cha mwiniwake.

Ndidikira lenileni. Ndidzagula ngati wina aliyense.