Galimoto ya a Zakariya ikufuna matirikula

Lolemba

Yalira! Galimoto imene amuna anga a Zakariya apanga okha yalira m'mawa uno, nkhuku zonse balala. Zaka zisanu ndi chimodzi akugogoda zitsulo pansi pa mtengo wa pichesi, anthu akuti mutu wazungulira. Lero oseka aja aima kumpanda, kukamwa yasa!

Zimene zili m'galimotomo:
– injini ya chigayo chakale cha amalume awo;
– zitseko ziwiri zochokera kwa a katekista, chofiira ndi chobiriwira;
– mipando ya shapa yakufa, minibasi yonyamula anthu ija, anaipeza azakhali ku Kalomwe;
– buzina, hutala ija, ya njinga yamoto ya alamu.

Zotsalazo ndi manja awo basi. Munthu uyu sukulu anaithawira kalasi yachinayi, koma mutu wake, abale inu, ine ndimauopa.

Dongosolo lili chonchi. Lachisanu ku Vila kukubwera shefe woyeza magalimoto wochokera ku Tete. Akadinda pepala, matirikula yathu yatheka, nambala ija ya kutsogolo ndi kumbuyo. Loweruka mwana wathu Rozita apita ku ukwati wake ku Fonte Boa pa galimoto ya bambo ake, monga anamulonjezera akadali pasukulu. Njira ya kumeneko imadutsa pa tala, ndipo pa tala popanda matirikula sipopondeka.

Lachiwiri

A Zakariya apita ku Vila pa njinga kukatenga mapepala. Abwera ndi awiri: lodzaza, ndi lina lotilola kuyenda Lachisanu lokha. Tikudzaza limodzi pakhonde.

Mtundu wa galimoto? Alemba: Zakariya.
Dziko lopangira? Alemba: pakhomo pano.
Anthu okwera? Awerenga mipando kawiri, alemba: anayi.

Zilembo zawo n'zokongola ngati za mphunzitsi. Masana ndapita kumjigo, ndipo pakamwa panga pandithawa. Ndauza amayi onse kuti Lachisanu tikupita ku Vila pa galimoto yathuyathu. Ndikanabisa bwanji? Zaka zonsezi ndimatunga madzi nditawerama.

Lachitatu

Kuyesa pa msewu wafumbi wa ku Lifidzi. Ine kutsogolo, mpango wothina bwino. Imathamanga! Imaima! Imabwerera m'mbuyo! Pachitunda yatsokomola kamodzi, iwo angotsika, kukhudza kawaya, basi yachira. Sindikudziwa amamva bwanji chimene chikuipweteka.

Pobwerera tapeza azakhali pakhomo. Akuti: "Tangobwera kudzaona mipando yathu ngati yakhala bwino." Asiya thumba la nyemba pakhonde. Akuti analiiwala.

Lachinayi

Oiwala katundu achuluka. Pakhonde pali:
– nyemba, matumba atatu tsopano;
– mbatata ya kachewere ya amalume;
– mbuzi ya alamu, yomangirira ku nsanamira;
– a katekista enieniwo, akufunsa kuti tinyamuka nthawi yanji.

Ndawakokera a Zakariya kuseri kwa nkhokwe. Ndati pepala likuti anayi, kanani ena. Andiyang'ana ngati ndawatuma kuba. Akuti: "Mayi, ndiwakanize amalume kukwera injini yawo? A katekista ndiwatsekere panja ndi chitseko chawo chomwe?"

Vuto ndi pakamwa panga pomwe. Rozita akusita deresi, akuimba, sakudziwa kanthu.

Lachisanu

Tanyamuka anthu asanu ndi anayi. Pamlatho taonjeza apongozi a alamu, poti sungapitirire munthu wachikulire akukupiza dzanja. Pamphambano ena atatu, sindikuwadziwa, koma akuti ndi ansansi a azakhali. Khumi ndi atatu, mbuzi padera!

Ndipo yakwera chitunda chachikulu chija! Pang'onopang'ono, utsi tolo, koma yakwera. Shapa yeniyeni imatsitsa anthu pamenepa. Ndalira ndi kunyada.

Ku Vila shefe waima ndi pepala lathu m'manja, akuwerenga otsika. Atafika pa mbuzi wasiya. Ndi munthu wabwino ndithu. Wazungulira galimoto katatu, wayesa mabuleki, nyali, buzina, zonse bwino. Wajambulitsa nayo pa foni. Akuti: "Bambo, mwapanga nokha? Ndaona magalimoto ambiri, koma manja ngati awa ayi."

Kenako wagwada kusuzumira pansi. Zitsulo zonyamula galimoto, zimene iwo amati mola, zagoneratu ndi katundu wa lero. Anthu onse atsika, koma iyo yapendekerabe kumanzere ngati munthu wa msana.

"Izi sindingadinde. Ndidzabweranso pakatha miyezi itatu. Pepala lanu likutha lero, mawa injini isalire pa tala."

Pobwerera a Zakariya angogwira chiwongolero, maso pamsewu. Azakhali akusimba mmene nyemba zagulikira bwino. Kunyumba Rozita wamva kuti matirikula yakanika, walowa kuchipinda, watseka chitseko. Mtima wanga ukuwawa.

Loweruka

M'mawa ndamva phokoso la goli. Kutuluka panja, a Zakariya ali mu jekete ya ukwati, awotcherera mtanda wa ngolo kutsogolo kwa galimoto, akumanga ng'ombe zathu ziwiri. Pa nyanga maluwa!

Akuti: "Shefe waletsa injini. Ngolo safunsa matirikula."

Rozita watuluka maso ali otupa, wayang'ana, waseka mpaka wakhala pansi ndi deresi loyera. Wakwera kumbuyo. Bambo ake pa chiwongolero, tsonga, alamu kutsogolo ndi chikwapu. Achibale onse wapansi m'mbuyo, nthungululu zokhazokha. Lero palibe wayerekeza kupempha malo.

Pa tala wapolisi watiimitsa. Wayang'ana ng'ombe, wayang'ana galimoto, wagwira injini, yozizira. Wakanda m'mutu, wati pitani, ukwati wabwino.

Tachedwa ola lathunthu. Pakhomo la tchalitchi Rozita akuti: "Ababa, lizani buzina, amve kuti ndafika pa galimoto yathu." Aliza. Ndaona akupukuta m'maso ndi taye.

Lamulungu

Matirikula palibe. Mwana wapita kubanja, m'nyumba muli zii. Miyendo ikuwawa ndi gule wa dzulo.

Tikuchokera ku misa, amalume atuma uthenga: tiwauze msanga tsiku limene shefe adzabwerenso, adzakhala ndi kabichi wokagulitsa. Azakhali akuti malo awo ndi omwe aja.

Ndati, a Zakariya, ulendo uno mudzakana, eti?

Iwo avula jekete, alowa pansi pa galimoto ndi chingwe choyezera. Ndamva akuwerengetsa okha: "Khumi ndi atatu, kuphatikiza mbuzi... zifunika mola za lole."

Kukana sadzaphunzira munthu ameneyu. Ndawapititsira tiyi pansi pomwepo.