Kadontho kofiira kandithera ulemu

Mpaka lero ndikamadutsa pa mpope m'komboni mwathu, azimayi amakokera zitenje zawo m'mwamba kwinaku akutsinana. Ana nawo anandipatsa dzina loti Sekuru Kadontho (kuno sekuru ndiye agogo). Ine munthu wa imvi, mkulu wa mpingo, amene ndinayamba kusankha fodya pa pulazi ino ya ku Karoi ndevu zisanamere! Ulemu wonsewo unathera m'magalasi omwe sindinawapemphe n'komwe.

Ntchito yanga inali ya maso. Tsamba la fodya likabwera pa tebulo, ine ndimangoliyang'ana n'kudziwa mulu wake: ili lapsa bwino, ili lili ndi mawanga, ili n'lotaya. Chimene a folomani sankadziwa n'chakuti masowo anali atayamba kundithawa. Ndinagula magalasi kwa munthu wina woyala malonda pansi pa siteshoni ya basi ku Karoi, okhuthala ngati pansi pa botolo, ndipo ndinkawavala mobisa, nditakhala pakona yanga kuseri kwa mabelo. Kubisako kunali ndi chifukwa. A folomani anali atanena kale kuti okalamba amene maso afooka adzawachotsa m'shedi akasese ku mabarani owotchera fodya.

Ndiye chaka chino kampani yogula fodya wathu inatumiza mtsikana wina dzina lake Rudo. Anakulira m'komboni ku Concession, makolo ake ndi a ku Tete, ndipo Chichewa chake chinali chofanana ndi chathu chomwechi, chothira Chishona ngati mchere. Anabwera ndi chimagalasi chonga cha owotcherera zitsulo. Anati kampani ikufuna kudziwa pamene akatswiri amayang'ana akamasankha tsamba, kuti achinyamata aphunzirepo.

"Pano katswiri ndi mdala uyu," anatero a folomani akundiloza. (Ndinatupa ngati finye, sindikana.)

Rudo anandionetsa chinthucho. Ukachivala umaona zonse bwinobwino, koma malemba amayandama pamaso pako. M'kati mwake, chakumbali, munali timakamera tiwiri tating'ono ngati nyemba, toyang'ana diso lako. Anapachika TV yaikulu pakhoma kuti aliyense aziona zimene ine ndikuona, ndipo pamene diso langa lagwera pankaoneka kadontho kofiira.

"Sekuru, mumavala magalasi?" anandifunsa.

A folomani anali chilili pambali panga. "Ine? Maso anga ndi a kabawi, mwanangu."

"Zvakanaka, chabwino. Ndikufunsa chifukwa timakamerati timaona diso lanu chammbali, kudzera m'galasi lokhota. Mukaviika ndodo m'ndowa ya madzi imaoneka yothyoka, si choncho? Diso lanunso kamera imaliona lopindika, mwanadiso amatalika ngati dzira. Kompyuta imawongola kupindikako chifukwa galasi lathu imalidziwa. Koma la wina silidziwa. Tsopano muona timadontho tikubwera kamodzikamodzi. Muziyang'ana kalikonse mpaka kazime, kuti makina aphunzire maso anu."

Abale anga, ine timadonthoto sindinatione. Ndinkangoona chifunga. Koma Rudo akafunsa kuti "mwakaona?" ndinkayankha kuti "eya" mwamphamvu, maso ndikuponya kulikonse ngati munthu wofesa mapira. Kenako Rudo atatembenukira ku kompyuta yake, ndipo a folomani atapita kukaitana anthu, ndinasolola magalasi anga a ku siteshoni m'thumba n'kuwalowetsa kunsi kwa chimagalasicho. Dziko linabwerera. Ndinadziyamikira mumtima kuti ndine wochenjera.

Shedi inadzaza. Akazi anga, mayi a Esinati, amene amamanga fodya m'shedi momwemo, anakhala kutsogolo penipeni kuti aone mwamuna wawo pa TV. Ogwira tsamba anasankhidwa Mai Tendai, mayi wamasiye wa m'komboni mwathu. Ndinene pano, Mulungu akumva, kuti ine ndi Mai Tendai sitinadutsepo pa moni. (Kuti Mlengi anawaumba mosaumira, zimenezo ndinangomva kwa anthu.)

Anaima kutsogolo kwanga atanyamula tsamba m'mbali mwawo. Ndinaliyang'ana tsambalo ndi mtima wanga wonse. "Ili lapsa bwino," ndinayamba, "onani mtundu wake, onani kusalala kwake, lofewa koma lonenepa..."

Kenako wina anaphulika kuseka kumbuyo, ena n'kulandira.

Ine TV sindinkaiona, inali kumbuyo kwanga. Anandiuza pambuyo pake kuti kadonthoko pa tsamba sikanapondepo. Kanali kataima nji pachifuwa pa Mai Tendai, ine ndikuyamikira kusalala ndi kunenepa.

"Sekuru, yang'anani tsamba," anatero Rudo motsitsa mawu.

"Ndikuyang'ana tsamba lomwelo!"

"Bambo a Esinati," anali mawu a akazi anga, ozizira ngati madzi a m'mawa mu Juni, "tsamba limenelo lamera liti pamenepo?"

Apa ndinazindikira kuti zinthu zavuta. Ndinaganiza zothawitsa maso. Ndinayang'ana pansi, pa simenti. Kadontho kanatsikira m'chiuno mwa mayi aja. Anthu anakuwa. Ndinayang'ana kudenga, kumalata, kupempha thandizo Kumwamba. Kadontho kanakwera n'kukakhala pamilomo pawo. Mai Tendai anataya tsamba, anadziphimba ndi manja n'kunena kuti, "Maiwe, sekuru, munyare!" kutanthauza kuti ndichiteko manyazi.

Rudo anayesa kundipulumutsa. "Pali chalakwika ndi makina. Sekuru, tembenukani muyang'ane amayi akunyumba, anthu aone kuti kadontho kakuphonya."

Ndinatembenuka. Ndinawayang'ana akazi anga m'maso mwenimweni, ndi chikondi chonse cha zaka zimene takhala limodzi. Kadontho kanawalambalala n'kuthawira pakhomo lotulukira.

"Mwaona?" anatero akazi anga akuimirira. "Kwa ena amamatirira. Kwa ine akufuna potulukira."

Anatuluka iwowo pakhomo lomwelo.

Masiku otsatira sindiwafunira ngakhale mdani wanga. Mayi a Esinati anasamukira kwa mwana wathu Esinati, nyumba zitatu kuchokera pathu, ndipo chakudya changa chinkabwera chosafunda, chopanda mawu. Lamlungu abusa anandikokera pambali n'kunena kuti ndiyambe ndapuma kuwerenga Mawu kutsogolo. Anandikumbutsanso za diso limene likakuchimwitsa uyenera kulikolowola. Ndinati, "Abusa, makinawo ananama." Iwo anati, "Akulu, munthu amanama. Makina angakunamizireni kuti apindulenji?" Wina anali atajambula TV ija pa foni, moti mpaka achibale a ku Mutorashanga anandiimbira kufunsa ngati ukwati wachiwiri uli pafupi.

Ndinayesa kukapepesa kwa Mai Tendai. Atangondiona ndikubwera anatseka chitseko, n'kulankhulira pawindo kuti ndiyang'ane kumbali. Anthu anandiona nditaima pakhomo pawo, ndipo nkhani inakula kuposa kale.

Nditasowa pogwira ndinapempha nambala ya Rudo kwa a folomani. Ndinamuimbira n'kumuululira zonse: chifunga, ma "eya" abodza aja, ndi magalasi a ku siteshoni. Ndinamva akuseka mobisa.

"Sekuru, mwandisowetsa tulo! Ndakhala ndikufufuza cholakwika m'makina osachipeza. Ndiye kuti kamera inkaona diso lanu kudzera m'magalasi awiri, lina lokhota mwa lokha, lokandikakandika. Kuwala kunkapindika kawiri, ine ndikuwongola kamodzi. Komanso makinawo munawaphunzitsa zabodza poyamba pomwe."

"Mwanangu, bwera udzanene zimenezi pamaso pa anthu. Banja langa likutha."

"Ndibwera. Koma a folomani amva kuti maso anu afooka."

Ndinayeza ziwirizo, ntchito ndi mayi a Esinati. Ndinati abwere.

Mtsikanayo anachita zoposa zimene ndinapempha. Ananditengera ku chipatala cha maso m'tauni, anandiyeza, ndipo patapita milungu anabwera ndi timagalasi toyenera maso anga, tolowetsa m'kati mwa chimagalasi chija. Anauza kompyuta mmene timagalasito timapindira kuwala, kuti iwongole zonse pamodzi. Ulendo uno timadontho tija ndinationa tonse, towala ngati nyenyezi.

Shedi inadzaza kuposa tsiku loyamba. Abusa anabwera ndi Baibulo lawo. Akazi anga anabwera mokokedwa ndi Esinati, n'kukhala manja atapinda. Mai Tendai anakana kubwera, ndipo ine ndinathokoza Mulungu.

Rudo anafotokoza za ndodo ya m'ndowa, anakweza magalasi anga akale m'mwamba kuti onse aone kukhuthala kwake. (A folomani anandiyang'ana mwa njira imene ndinadziwa kuti tsache likundidikira.) Kenako anati, "Tsiku lija makina analakwa. Lero tawongola zonse. Kadonthoka tsopano sikanama, ngakhale pang'ono."

Anayamba kundiyesa. "Yang'anani msomali uwo." Kadontho pa msomali. "Yang'anani Baibulo la abusa." Kadontho pa Baibulo, abusa n'kugwedeza mutu mokhutira. Anandipatsa tsamba, kadontho kanayenda bwinobwino m'mitsempha yake. Pomaliza anati, "Yang'anani amayi."

Ndinawayang'ana. Kadontho kanatera pamphuno pawo penipeni n'kukhazikika. Azimayi analulutira. Ndinaona milomo ya mayi a Esinati ikuyamba kumasuka, kumwetulira kukubwera patali ngati mvula yoyamba. Misozi inalengeza m'maso mwanga. Ndinali nditapulumuka.

Nthawi yomweyo chitseko cha shedi chinalira. Anali Mai Tendai, atamva nthungululu, abwera kudzaona chachitika n'chiyani. Anali atavala diresi lachikasu.

Akazi anga anawaona poyamba. Ananena osatembenuka n'komwe, "Bambo a Esinati, musayang'ane."

Inu owerenga, munayamba mwauzidwapo kuti musayang'ane? Mutu wanga sunasunthe, ndikulumbira. Khosi ndinaliumitsa ngati mtengo. Koma diso, diso lopanda mwambo lija, linangoti psiti kumbali. Ine ndimati linapita n'kubwerera msanga. TV inanena zina. Kadontho kanachoka pamphuno pa akazi anga, kanawoloka shedi yonse, n'kukatera pa diresi lachikasu. Ndipo pamenepo sikanafulumire kuchoka.

Panalibe woseka. Kukhala chete kumeneko kunapweteka kuposa kuseka kwa tsiku loyamba.

"Rudo, mwanangu," ndinatero, "mwina kasokonekeranso?"

Anayang'ana kompyuta yake nthawi yaitali, ndikukhulupirira ankafunadi kupezamo cholakwika. Kenako anati, "Pepani sekuru. Kali bwinobwino."

Abusa anatseka Baibulo. Mayi a Esinati anaimirira, anakonza mpango wawo, n'kupita kwa Rudo kukamugwira chanza. "Zikomo mwanangu. Poyamba ndinkangokayikira. Tsopano wakonza, ndaona bwino."

Pano ndimasesa ku mabarani. Kutchalitchi ndimakhala benchi yakumbuyo, pafupi ndi anyamata obwera mochedwa. Akazi anga anabwerera kunyumba, koma osati chifukwa cha ine: anati nkhuku zawo zikuwonda. Amandilankhula pa zofunika zokha, ndipo tikamayenda limodzi amanditsogoza, ati kuti aziona kumene mutu ukutembenukira. Anafunsanso Rudo ngati chimagalasicho chimagulitsidwa kwa anthu wamba. Mwamwayi ndi chodula.

Ndimati ndikakhala pansi kupuma, tsache lili pamwendo, ndimaganiza kuti makina aja anali abwino pamene anali opindika. Nthawi imeneyo ndinali munthu wonamiziridwa, ndipo ndikanatha kufa nacho chilungamo changa. Ndine ndekha amene ndinalira kuti awongoledwe. Choncho wina akadzabwera kwa inu ndi chipangizo chofuna kudziwa kumene maso anu amapita, muuzeni kuti muli ndi chimfine. Zikakanika, tsinzinani. Ine ndinaganiza zotsinzina nditafika kale kunyumba.