Onofrio ndi Mayi Ake

Kuno ku Bensonhurst aliyense ankadziwa kuti Onofrio Scalzo sankakwera pansanja popanda mayi ake. Anali bambo wa imvi, chimimba ngati mgolo wa vinyo, woseketsa anthu m'mabala ndi m'maukwati, koma Mayi Assunta ankakhala pampando wakutsogolo, chikwama chili pamiyendo.

Iye akangoyamba kuti, "Kwathu tinali osauka moti makoswe ankatibweretsera chakudya," mayiwo ankamudula.

"Bodza limenelo. Unkadya mbale zitatu za pasta. Taonani mimbayo."

Anthu ankafa nalo phwete. Onofrio ankawerama monyadira, poganiza kuti akuseka nthabwala yake.

Paukwati wa mwana wa Carmine wogulitsa nyama, mayiwo anakwera pansanja nthabwala ili pakati, n'kuyamba kumupukuta Onofrio msuzi pakolala ndi malovu.

"Amayi, ndili pantchito."

"Ntchito ndi ya mlamu wako wokonza mipope. Iwe ukungolongolola."

Chaka china kunabwera bwana wa pawailesi yakanema kuchokera ku Manhattan. Onofrio anadzipereka, thukuta kamukamu mpaka m'masokosi. Pomaliza bwanayo anamugwira chanza n'kufunsa, "Kodi agogowa angabwere okha Lolemba?" Mayi Assunta anakana. Lolemba linali tsiku lawo lochapa.

Mayiwo atamwalira, Onofrio analira, kenako anabwerera pansanja. Ananena za makoswe zija, n'kuima, kudikira. Wina anatsokomola. Carmine anayesa kuthandiza pokuwa kuti "Bodza," koma ndi mawu ake aukali zinamveka ngati akuputa ndewu.

Onofrio atatsika anabwera patebulo panga, poti ndinali mnzake wakale.

"Rocco, zaka zonsezi anthu ankasekadi nthabwala zanga?"



Onofrio sanasiye ntchitoyo. Ankazungulira m'nyumba zosungirako okalamba masana, kuseketsa anthu amene ankawodzera nthabwala isanafike pakati. Anafera pabasi akuchokera komweko, ndipo dalaivala anazindikira kuti wafa atafika kumapeto kwa ulendo.

Pamaliro mabenchi ambiri anali opanda anthu. Anzathu anasamukira ku New Jersey, ena kumanda. Holo yomwe munkachitikira maukwati pano amagulitsamo mafoni.

Mchemwali wake anapereka zovala za malemuyo kutchalitchi. Lamlungu lapitali ndinaona jekete lake lofiira la pansanja likuyenda kutsogolo kwanga, ndipo ndinaitana dzina lake ndisanaganize. Munthu amene analivala anacheuka, n'kundiyankha mwaulemu m'chinenero chimene sindichidziwa, kenako anawoloka msewu.